Magetsi, chikole kapena kutakataka: ndi njira iti ya blockchain yomwe ndi yovuta kuibera?

Ndalama zambiri za crypto zomwe zimafalitsidwa m'magulu a WhatsApp kuno ku Mzuzu, pakati pa ophunzira a ku Mzuni ngakhalenso achinyamata a geni ku Katoto ndi ku Chibavi, zimabwera ndi lonjezo lofanana. Akuti pa netiweki yawo mphamvu si ya olemera okha, koma amene akutumiza ndi kulandira tsiku ndi tsiku ndiye amapatsidwa mpata waukulu wolemba mabuloko (masamba a kaundula wa ndalamazo) n'kutenga mphoto. Kwa munthu amene alibe madola ogulira makina okumbira Bitcoin, kapena 32 ETH (ndalama ya netiweki ya Ethereum) yoika chikole kumeneko, mawuwa amakoma m'khutu. Cholinga chakenso n'chabwino, pakuti sizisangalatsa kuona wongosunga ndalama akudya kuposa amene akuyendetsa msika.

Vuto lili pa kayezedwe. Kompyuta siona nkhope, imaona maadiresi. Ikaona kuti adiresi A yatumiza ndalama ku adiresi B, ilibe njira yodziwira ngati B ndi wogulitsa mpunga wa Kilombero ku Karonga kapena ndi foni yachiwiri ya mwini A yemweyo. Maganizo athu ndi akuti kutakataka komwe munthu angakupange yekha si umboni wa chilichonse, ndipo njira yopereka mphamvu potengera kutakataka imalimba pokhapokha wonamizira akamataya ndalama zomwe sizim'bwereranso.

Chomwe chikutetezedwa

Blockchain ndi kaundula amene makompyuta ambiri amasunga mofanana, ndipo nthawi ndi nthawi pamafunika mmodzi wolemba buloko yotsatira. Wolembayo amasankha zoti zilowe ndi zoti zidikire. Gulu limodzi likamalemba mabuloko ambiri kuposa ena onse pamodzi, likhoza kufafaniza malipiro omwe linapereka kale n'kugwiritsanso ntchito ndalama zomwezo. Pa manetiweki otsatira tcheni chachitali kwambiri, malire ake ndi theka la mphamvu yonse. Pa manetiweki ovota, omwe amafuna magawo awiri mwa atatu kuti buloko itsimikizike, wokhala ndi gawo limodzi mwa atatu akhoza kuimitsa kutsimikizako.

Kupereka voti imodzi kwa akaunti iliyonse sikungathandize chifukwa kutsegula akaunti n'kwaulere, ndipo laputopu wamba imapanga maadiresi masauzande m'mphindi imodzi. John Douceur wa ku Microsoft Research analongosola vutoli mu 2002, ndipo limadziwika kuti Sybil attack. N'chifukwa chake njira iliyonse imamangirira voti ku chinthu chosowa. Poziyerekeza timafunsa zinthu zitatu: chinthucho chimadya ndalama zingati kuti munthu achipeze, ndalamazo zimabwerera kwa wozitulutsa kapena ayi, ndipo woyeza ndi ndani.

Magetsi ndi chikole, mwachidule

Proof of Work, yomwe Bitcoin yakhala ikugwiritsa ntchito kuyambira mu January 2009, imayankha bwino mafunso onse atatu. M'njirayi makina okumba amapikisana kupeza yankho la masamu, ndipo woyamba kulipeza ndiye amalemba buloko. Yankho la masamu silingapekedwe, kompyuta iliyonse imalitsimikiza yokha m'kuphethira kwa diso, ndipo magetsi akapsa apsa. Kufooka kwake kumaoneka pa ndalama zazing'ono, pomwe munthu amabwereka makina kwa maola ochepa n'kupitirira theka. Zinachitikira Bitcoin Gold mu May 2018, ndipo Ethereum Classic inamenyedwa katatu mu August 2020. Kwa ife kuno njirayi ndi yotsekeka, chifukwa ndi magetsi a ESCOM a pakhomo simungapikisane ndi aliyense. Kukumba komwe kwakhala ndi mutu m'dziko muno n'kofanana ndi kwa kampani ya Gridless ku Bondo, ku Mulanje, komwe makina amadya magetsi otsala a jenereta ya madzi ya m'mudzimo.

Proof of Stake, yomwe Ethereum inasamukirako pa 15 September 2022, imayeza chikole, ndalama zomwe munthu watsekera pa netiweki. Ubwino wake waukulu pa nkhani yathuyi ndi woti kugawa sikuchulukitsa kanthu: maakaunti 100 okhala ndi 32 ETH iliyonse ali ndi mphamvu ya 3,200 ETH, osaposa. Wosaina mabuloko awiri otsutsana amadulidwa chikole. Koma wolemera amangolemererabe, ndipo misika yosunga ndalama za anthu ikhoza kuvota ndi ndalama zomwe si zake. Mu March 2020 misika ya Binance, Huobi ndi Poloniex inagwiritsa ntchito ndalama ya STEEM ya makasitomala awo kuchotsa olemba mabuloko a netiweki ya Steem pa mkangano wa wabizinesi Justin Sun, ndipo okwiya anachoka n'kukayambitsa netiweki ina ya Hive. Kusakhutira kwa mtundu umenewu ndi komwe kumachititsa anthu kufuna njira yachitatu.

NEM: omwe anayesetsa kwambiri

Aliyense wofuna kumanga njira yoyeza kutakataka ayambe waphunzira Proof of Importance ya netiweki ya NEM, yomwe inayamba mu March 2015, chifukwa anthu ake ankadziwa kuti adzaberedwa ndipo anatchinga mipata yambiri.

Choyamba, si akaunti iliyonse imawerengedwa. Pamafunika 10,000 XEM (ndalama ya NEM) yokhwima, ndipo ndalama zimakhwima pang'onopang'ono: tsiku lililonse, pakatha mabuloko 1,440, gawo limodzi mwa 10 la zomwe sizinakhwime limakhwima. Akaunti ya 20,000 XEM imatenga masiku 7 kuti ifike pa mlingowo. Ndalama zikatumizidwa zimafika kwa wolandira zili zosakhwima, kotero wozizunguliza amadzichotsera yekha mphamvu. Chachiwiri, zotumiza zomwe zimawerengedwa ndi za 1,000 XEM kupita m'mwamba, za m'masiku 30 apitawo, zopita kwa akaunti yomwe nayonso ili pa mlingo, ndipo kulemera kwake kumachepa ndi 10 peresenti tsiku lililonse. Chachitatu, amawerengera zotsala: A akatumiza 5,000 kwa B, B n'kubweza 5,000 kwa A, palibe chomwe chachitika. Kenako maakaunti onse amawaika pa masamu ofanana ndi PageRank (omwe Google imayezera kufunika kwa masamba a pa intaneti), n'kuonjezera njira yofufuza magulu a maakaunti omwe amangotumizirana okhaokha.

Nanga wakuba amalowera pati? Kuwerengera zotsala kumagwira awiriawiri basi. Munthu akakhala ndi maakaunti atatu, A kutumiza kwa B, B kwa C, C kubweza kwa A, pakati pa awiri aliwonse pamaoneka kuti ndalama zayenda njira imodzi, pomwe zonse zabwerera kwa mwini wake. Chikalata chaukadaulo cha NEM chinayesa kuzunguliza kotereku ndipo chinavomera kuti mphamvu ya wochita izi imakwerako, kungoti machaji omwe amalipira amadya phindulo.

Taonani bwino chomwe chinateteza NEM pamenepa. Si nzeru zozindikira wonama ayi, koma zinthu ziwiri zosavuta. Gawo la PageRank linapatsidwa kulemera kwa 0.1337 pamene gawo lotsamira pa ndalama zokhwima lili ndi 1, ndiye kuti kwenikweni inali Proof of Stake yothiridwa kamchere. Komanso XEM yonse, 8,999,999,999, inatulutsidwa pachiyambi, kotero wolemba buloko ankangolandira machaji a m'bulokomo. Mphoto inali yochepa moti panalibe chifukwa chodzivutitsira. Pomwe anthu a NEM anatulutsa netiweki yatsopano ya Symbol mu March 2021, anachepetsanso gawo la kutakataka kufika pa 5 peresenti, 95 yotsalayo n'kukhala chikole, ndipo m'malo moyang'ana amene watumizira mnzake anayamba kuyang'ana kwambiri machaji omwe akaunti yalipira. Ife timaona kuti chisankho chimenechi chikunena zambiri kuposa malonda onse a ndalama zatsopanozi. Tinenenso kuti kubedwa kwa XEM yopitirira 500 miliyoni ku Coincheck mu January 2018 sikukukhudza nkhaniyi, chifukwa kumeneko kunathyoledwa waleti ya msika, osati kagwirizanidwe ka netiweki.

Pali chinanso chomwe ambiri sachiganizira. Pa netiweki iliyonse, maakaunti otakataka zenizeni kuposa onse ndi a misika yosinthira crypto. Njira yomwe inapangidwa kuti ithandize wamng'ono imathera popereka mavoti oonjezera kwa wamkulu kwambiri, popanda iye kubera.

Masamu omwe mungachite nokha

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, kuti muone kayendedwe kake. Tinene kuti netiweki imagawa matokeni (ndalama zake) 1,000 patsiku, ndipo 30 peresenti ya mphoto ndi ya mphamvu imatsatira kuchuluka kwa zotumiza. Ndiye kuti matokeni 300 patsiku ndi a otakataka. Anthu enieni amatumiza ka 20,000 patsiku, ndipo chaji ndi 0.001 pa kutumiza kulikonse.

Munthu mmodzi alemba pulogalamu yaifupi yodzitumizira ka 20,000 patsiku. Walipira matokeni 20, watenga theka la 300, lomwe ndi 150. Akakweza kufika pa 60,000 amalipira 60 n'kulandira 225. Ena akaona phinduli nawonso amalowa, ndipo sasiya mpaka pomwe chaji yafanana ndi mphoto, pa zotumiza 300,000 patsiku. Pamenepo zenizeni ndi 20,000 zokha, zosakwana 7 pa 100 zilizonse. Onamizira atenga 28 mwa magawo 30 aja.

Tsopano taonani chomwe chachitikira chitetezo. Ngati magawo 28 ali m'manja mwa gulu limodzi, kuti lifike pa theka la mphamvu yonse likufunika magawo ena 22 kuchokera mu 70 a chikole, kutanthauza kuti chikole choposa pang'ono 31 peresenti chakwana pomwe panafunika 50. Ngati netiwekiyo ndi yovota, kuti lifike pa gawo limodzi mwa atatu likufunika chikole chosakwana 8 peresenti. Mukachita masamu omwewo ndi 5 peresenti ya Symbol, wotenga gawo lonse la kutakataka amafunikabe chikole choposa 47 peresenti kuti afike pa theka, ndi pafupifupi 30 peresenti kuti afike pa gawo limodzi mwa atatu. Choncho mukamva kuti netiweki ikuyeza kutakataka, gawo limenelo muzilitenga ngati lapita kale kwa mdani, muone ngati chotsalacho chingaime chokha.

Masamuwa tawachita ngati kuti chaji imatayika. Pa manetiweki ambiri chaji imapita kwa wolemba buloko. Wonamizira akakhala kuti ndi iyeyo akulemba mabuloko atatu mwa 10, amabwezeredwa machaji atatu mwa 10, ndipo akamaika zotumiza zake m'mabuloko ake okha salipira kalikonse, amangochotsa m'thumba lakumanja kuika lakumanzere. Wolemba buloko akhozanso kuchedwetsa zotumiza za opikisana naye kuti kutakataka kwawo kutsike. Mphamvu ikubala kutakataka, kutakataka kukubala mphamvu. Izi sizichitika mu Proof of Work, chifukwa wokumba mmodzi sangazimitse makina a mnzake polemba buloko.

Aliyense amene wagwirapo ntchito ya ndalama za pafoni akudziwa za ejenti amene amagawa K100,000 ya kasitomala m'zigawo zisanu za K20,000 kuti komishoni ichuluke. Kampani imamugwira chifukwa ili ndi nambala ya chiphaso chake, ikudziwa pomwe pali kontena yake, ndipo ikhoza kutseka laini. Blockchain yotseguka kwa aliyense ilibe zonsezi.

Pomwe mphoto inali yaikulu

Zitsanzo zitatu izi sizinali za kulemba mabuloko, zinali za kugawa matokeni, koma muyeso wake ndi womwewo, ndipo zikuonetsa chomwe chimachitika ndalama zenizeni zikakhala patebulo.

Msika wa FCoin, womwe unayambitsidwa mu May 2018 ndi Zhang Jian, yemwe kale anali mkulu wa zaukadaulo ku Huobi, unkabwezera anthu machaji awo onse ogulira ndi kugulitsa kudzera mu tokeni yake ya FT. M'masabata ochepa malonda ake apatsiku anafika pa mabiliyoni a madola, ambiri mwa iwo ali a ma bot (mapulogalamu ogwira ntchito okha) odzigulitsa okha. Mu July chaka chomwecho msikawu unkasankha matokeni oti alowe powerenga maakaunti omwe aikamo tokeniyo, ndipo anthu anatsegula maakaunti masauzande mpaka machaji a Ethereum yonse anakwera. Mu February 2020 FCoin inalengeza kuti singathe kubweza ndalama za makasitomala zapakati pa 7,000 ndi 13,000 BTC.

Pa netiweki ya EOS, mu November 2019, tokeni ya EIDOS inkaperekedwa kwa aliyense wotumiza ngakhale 0.0001 EOS ku kontrakiti yake (pulogalamu yake ya pa blockchain), ndalamayo n'kubwezedwa nthawi yomweyo. Popeza EOS sinkalipiritsa chaji pa kutumiza kulikonse, ma bot anadzaza netiweki ndipo anthu wamba ankalephera kutumiza ndalama zawo. LooksRare, msika wa NFT (zithunzi zogulitsidwa pa blockchain) womwe unayamba mu January 2022, unkagawa tokeni ya LOOKS tsiku lililonse potengera kuchuluka kwa malonda. Anthu ankagulitsana chithunzi chimodzi pakati pa mawaleti awo awiri pa mitengo ya mamiliyoni, posankha zithunzi zomwe wozijambula salandirapo kanthu, kuti chotayika chikhale 2 peresenti ya msika yokha. Kampani ya CryptoSlam inawerengera kuti pafupifupi 95 peresenti ya malondawo anali a mtundu umenewu.

Zotchingira ndi malire ake

Kutentha chaji ndiye chotchingira cholimba kuposa zonse. Ethereum inayamba kutentha gawo loyambira la chaji mu August 2021 kudzera mu lamulo lotchedwa EIP-1559, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti wolemba buloko asamadzilipire yekha. Koma mukayeza kutakataka ndi chaji yotenthedwa, ndiye kuti voti ikugulidwa ndi ndalama zotenthedwazo. Chitetezo chilipo ndithu, koma wopambana ndi wokhala ndi zambiri zotentha, ndipo lonjezo lothandiza wamng'ono lija lathawa.

Kufufuza magulu otumizirana okhaokha kuli ndi mavuto awiri. Malamulo ake ali poyera mu code, kotero wakuba amawawerenga n'kudutsa pambali, mwachitsanzo podutsitsa ndalama pa msika kuti njira isaoneke. Netiweki ya Optimism inachotsa maadiresi okayikitsa opitirira 17,000 pa kugawa matokeni kwake kwa mu 2022, ndipo pulojekiti ya LayerZero inaloza opitirira 800,000 mu 2024, koma imeneyo inali ntchito ya anthu, yotenga masabata, yochitika zinthu zitachitika kale. Kagwirizanidwe ka mabuloko kamafuna yankho nthawi yomweyo, lofanana pa kompyuta iliyonse. Vuto lachiwiri likutikhudza kwambiri kuno. Gulu la banki m'khonde la amayi 20 ku Mchengautuwa, lomwe limagwiritsa ntchito mafoni atatu, limabwereketsana lokhalokha ndipo ndalama zake zimazungulira mwezi ndi mwezi, pa masamu limafanana ndendende ndi munthu mmodzi wa maakaunti 20. Sefa yokhwima imayamba yataya anthu oterewa, pomwe wakuba wodziwa ntchito amadutsa.

Kupereka mwayi woonjezera kwa akaunti yaing'ono n'koopsa kwambiri. Lamulo lililonse lopatsa maakaunti awiri a 5,000 mphamvu yoposa akaunti imodzi ya 10,000 likulipira anthu kuti adzigawe. Likakhalapo, liyenera kukhala mkati mwa gawo laling'ono lokhala ndi malire.

Proof of Activity: dzina lofanana, nkhani ina

Mukaona dzina lakuti Proof of Activity musafulumire kuganiza kuti likunena za kutumiza pafupipafupi. Mu pepala lomwe Iddo Bentov, Charles Lee, Alex Mizrahi ndi Meni Rosenfeld analemba mu 2014, wotakataka ndi mwini chikole amene kompyuta yake ili pa intaneti kudikira kusaina. Decred, yomwe inayamba mu February 2016, imayenda mofanana ndi ganizoli. Wokumba amapeza buloko, koma eni DCR (ndalama ya Decred) amatsekera ndalama pogula matikiti. Pa buloko iliyonse matikiti 5 amasankhidwa mwamaere kuchokera mu thumba la pafupifupi 40,960, ndipo atatu ayenera kuvota kuti buloko ilandiridwe. Tikiti imadikira pafupifupi masiku 28 tikatengera zonse pamodzi, ndipo ikafika mabuloko 40,960, pafupifupi masiku 142, isanasankhidwe imatha, ndalama n'kubwerera popanda mphoto.

Kutakataka kotereku n'kovuta kukunamizira chifukwa kukuyezedwa ndi siginecha yomwe netiweki yaitanitsa pa nthawi yomwe mwini wake sanasankhe, ndipo mwayi woitanidwa ukutsatira chikole. Wofuna kulanda netiweki ayenera kugula makina ndi matikiti omwe. Mwa njira zonse zokhala ndi dzina la kutakataka, iyi ndi yomwe timaidalira, ngakhale siithetsa nkhani ya olemera. Decred nayonso yakhala ikusamutsa mphoto kuchoka kwa okumba: poyamba ankalandira 60 peresenti, mu 2022 inatsika pa 10, ndipo mu 2023 pa 1.

Zochitika kunja kwa tcheni

Manetiweki ena amayeza zochitika m'dziko lenileni, ndipo apa funso la woyeza limakula. Helium, yomwe inayamba mu 2019, inkalipira eni tizipangizo ta wailesi tikamamvana, ngati umboni woti derali lili ndi netiweki. Anthu anaika zipangizo zambiri m'chipinda chimodzi, kuzilembetsa pa mapu ngati zili kutali ndi kutali, n'kufooketsa mphamvu ya wailesi kuti mtunda uoneke weniweni. Yankho linali mndandanda wa zipangizo zoletsedwa womwe unayamba mu 2022, wosungidwa ndi anthu. Mu April 2023 Helium inasiya blockchain yake n'kusamukira pa blockchain ya Solana.

Pi Network, yomwe ili m'mafoni a anthu ambiri mumzinda uno, imvetsetsedwe bwino. Kudina batani tsiku lililonse sikulemba buloko ndipo sikuteteza netiweki, kumangowerengera matokeni omwe mudzapatsidwe. Kagwirizanidwe kake kamachokera pa njira yotchedwa Stellar Consensus Protocol ndipo kamayenda pa makompyuta. Chomwe chimatchinga maakaunti abodza ndi kuonetsa chiphaso, ndipo kutsimikizako kumayendetsedwa ndi eni pulojekiti. Netiwekiyi inayamba mu March 2019 ndipo inatsegukira kunja pa 20 February 2025.

Ngakhale mutatsimikiza kuti akaunti iliyonse ili ndi munthu wamoyo, nkhani siinathe. Netiweki ya Idena imafuna kuti onse ayankhe mafunso a zithunzi pa nthawi imodzi kuti munthu mmodzi asakhale pawiri. Kafukufuku wa Puja Ohlhaver, Mikhail Nikulin ndi Paula Berman anapeza kuti pofika May 2022, magulu 23 okha ankalamulira maakaunti osachepera 40 peresenti, polipira anthu ndalama yochepa kuti ayankhe mafunso, makiyi ali m'manja mwa bwana. M'dziko ngati lathu, momwe kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo dola imodzi ndi ndalama, anthu olembedwa ganyu yotereyi ndi ifeyo. Wina akakupemphani chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika kuti akutsegulireni akaunti yomwe makiyi ake asunga iyeyo, kanani. Chilichonse chomwe akauntiyo idzachite chidzakhala m'dzina lanu.

Musanaike ndalama kapena kumanga

Funani chikalata chaukadaulo, osati malonda, ndipo pezani nambala yeniyeni ya gawo la kutakataka pa mphamvu yolemba mabuloko. Ikapanda kulembedwa, kapena code ikakhala yobisika, imani pomwepo. Ikapezeka, chitani masamu a theka ndi a gawo limodzi mwa atatu monga tachitira pamwambapa. Kenako gawani mphoto yapatsiku ya otakataka ndi chaji ya kutumiza kumodzi. Yankho lake ndi kuchuluka kwa zotumiza komwe onamizira angafikepo asanayambe kuluza, ndipo likaposa kutali zomwe anthu enieni angatumize, dziwani kuti ma bot ali m'njira kapena afika kale. Onani komwe chaji imapita. Tsegulani explorer ya netiwekiyo (tsamba loonetsa zotumiza zonse), tengani maakaunti 10 apamwamba pa kutakataka, mutsatire ndalama zawo masitepe atatu kapena anayi. Ndalama zofanana ndendende, zotumizidwa pa nthawi zotalikirana mofanana, pakati pa maakaunti omwe onse analandira ndalama yawo yoyamba kuchokera ku adiresi imodzi, ndi ntchito ya pulogalamu. Kumbukiraninso kuti Reserve Bank of Malawi inalengeza mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, kotero zikasowa palibe ofesi yokadandaulako.

Kwa omanga, monga gulu lofuna kaundula wa alimi a khofi a ku Misuku ndi ku Phoka kapena wa SACCO, mamembala ndi odziwika kale, choncho vuto la Sybil mulibe ndipo musalibweretse dala. Sankhani mabungwe odziwika anayi (4) kapena asanu ndi awiri (7) kuti azisaina mabuloko. Anayi amapirira mmodzi wosakhulupirika, asanu ndi awiri amapirira awiri. Nthawi zambiri database wamba yokhala ndi oifufuza imakwana. Ngati mukufuna kuthokoza otakataka, chitani zimenezo kunja kwa kagwirizanidwe ka mabuloko, ndi thumba lokhala ndi malire pamwezi komanso komiti yotha kukana, kuti wobera atenge bonasi yokha osati kaundula.

Amene mwasankha kuika chikole n'kuyendetsa node (kompyuta yosaina mabuloko) kuchokera kuno, mdani wanu wamkulu ndi kuzima kwa magetsi, ndipo ngozi yeniyeni ili pa momwe mungakuthetsere. Pa Ethereum, kompyuta ikazima kwa maola angapo mumataya ndalama yochepa, pafupifupi yofanana ndi yomwe mukanapeza m'maolawo. Pa Decred, tikiti yanu ikaitanidwa inu mulibe pa intaneti mumataya mphoto ya tikitiyo, n'chifukwa chake ambiri amapereka ntchito yovota kwa ma VSP, makampani omwe amavota m'malo mwanu popanda kugwira ndalama zanu. Choopsa ndi kuika makiyi omwewo osainira mabuloko pa kompyuta yachiwiri ya sola kuti idzuke magetsi akazima. Magetsi akabwera yoyamba ija imadzuka yokha, ziwirizo zimasaina zinthu zosiyana pa nthawi imodzi, ndipo netiweki imakudulani chikole n'kukuchotsani ngati wakuba. Ndalama yomwe mukanagulira kompyuta yachiwiri igulireni inverter ndi batire yotha kunyamula kompyuta imodziyo pamodzi ndi rauta, ndipo mukamasamutsa makiyi, yambani mwawafafaniza pa yakale, samutsaninso fayilo yosunga mbiri ya zomwe mwasaina kale, kenako mudikire mphindi zosachepera 15 musanayatse yatsopano.